Nthano Yoopsa Ikhale ndi Khomo Lotulukira

Mwana wa ku Nkando, m'mphepete mwa msewu wa Midima, amakula phiri la Mulanje lili m'maso ndipo nthano zake zili m'makutu. Amamva za mizimu ya pa Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, imene amati imasiyira wapaulendo chakudya, koma akaitana mnzake kuti adye naye amasowa. Amamvanso za Napolo, chinjoka cha pansi pa nthaka chimene akuti chikamasamuka chimagumula phiri. Nanga n'chifukwa chiyani mwana ndi gogo wake yemwe amakonda nkhani zowaziziritsa nkhongono?

Mwana amazikonda chifukwa zimam'phunzitsa mantha ali pabwino. Wosimba akati "Padangotero", ana n'kuyankha "Tili tonse", onse avomerezana kuti akulowa mumdima limodzi ndipo atulukamonso limodzi. Mabuku a mfiti ndi zilombo amene achinyamata akuwerenga lero amagwira ntchito yomweyo: choipa chimaoneka nkhope, ndipo wofooka amapeza polimbira mtima.

Wamkulu amafunamo china, ndicho mawu otchulira tsoka lom'posa mphamvu. Madzi ndi miyala zitakokolola midzi ku Phalombe mu Marichi 1991, anthu anati wadutsa Napolo. Dzinali linamvekanso namondwe wa Freddy atawononga mu Marichi 2023. Mlembi Steve Chimombo analitenga dzina lomweli m'ndakatulo zake ndi m'buku lake la The Wrath of Napolo, pofuna kukamba za chisoni ndi ulamuliro wa dziko lino.

Choopsa chimadza nthano ikasowa khomo lotulukira. Mu Seputembala 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka m'boma la Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, pamene wopopa magazi sanapezeke ndi mmodzi yemwe. Nkhaniyo inalibe "Padangotero". Inalowa m'mudzi itavala malaya a choonadi, ndipo chilombo chake chinasanduka mlendo wongodutsa.

Ife timakhulupirira kuti zobisika zilipo, pakuti Qur'an yolemekezeka ili ndi sura yathunthu, ya 72, yotchedwa ndi dzina la majini. Koma wodziwa zobisika ndi Allah yekha, ndipo ndime 6 ya Sura Al-Hujurat ikutilamula kufufuza nkhani tisanavulaze anthu mwaumbuli n'kudzanong'oneza bondo.

Choncho, kaya tili kunyanja kaya m'tsinde mwa phiri, tisathamangire kulanda mwana buku loopsa. Tiwerenge naye, tim'funse chimene cham'gwira mtima, kenaka tim'thandize kusiyanitsa chopeka ndi choona. Buku lotamanda ufiti ndi nkhanza tilikane, pofotokoza chifukwa chake. Mwana wozolowera kutseka buku n'kunena kuti "yathera pompa" ndi amene mawa, khamu likadzatola miyala, adzayambe wafunsa kuti: waona ndani?