Mfuti Yopanda Magazi

Patchuthi chapitachi ndidapeza mphwanga wa zaka 9 atakhala pa kompyuta ya amalume, maso ali tong'o. Pagalasipo sipankaoneka munthu ayi, koma dzanja lokha litagwira legeni, ndi mbuzi zikubwera. Akalasa imodzi, iyo inkagwa n'kugona tulo. Nditafuna kulankhula, amayi adati, "Muleke, amenewo alibe magazi." Mawu amenewa andivutitsa mpaka lero.

Masewera a mtundu uwu amatchedwa first-person shooter, chifukwa woseweraye amaona zonse ndi maso a munthu amene wagwira mfuti. Amene mphwanga ankasewerawo ndi Super 3D Noah's Ark, a m'chaka cha 1994. Opanga ake adatenga thupi la Wolfenstein 3D, masewera a 1992 owomberana ndi asilikali a Nazi, nalivala chovala china: mfuti idasanduka legeni, zipolopolo chakudya, asilikali ziweto za m'chombo cha Nowa. Mu 1996 ku America ena adachita chimodzimodzi ndi Doom. Adapanga Chex Quest, naika m'mabokosi a chakudya cha m'mawa kuti ana azipeza mwaulere. M'menemo mdani saphedwa, amangobwezedwa kwao.

Tsono funso langa ndi ili: tikachotsa magazi, kodi tachotsanso choipa?

Ine ndidakula ndi legeni yeniyeni. Tsiku lina ndidalasa njiwa kumunda. Nditaitola inali yofunda, mtima ukugundabe, kadontho ka magazi kukamwa. Agogo sadandikalipire. Adangoti, "Wapha wekha, usosole wekha, udye." Tsiku limenelo ndidadziwa kuti kulasa kuli ndi mtengo wake, ndipo wolipira ndi wina. Mphunzitsi wanga anali magazi aja. Mphwanga walasa mbuzi zosawerengeka, koma sadatolepo ngakhale imodzi.

Musandimve molakwa, anzanga. Sindikuti tionetse ana magazi. Sindikutinso masewerawa amasandutsa mwana chigawenga. Nafenso tinkasewera nkhondo ndi mfuti za mapesi, ndipo palibe mmodzi wa ife adapha munthu. Koma pali kusiyana. Mdani wanga anali mnzanga wa dzina lake. Ndikati "Wafa!" iye ankatsutsa, nthawi zina n'kulira, ndipo madzulo tinkadyera mbale imodzi. Sindikadaiwala kuti ndi munthu, pakuti iye sakadandilola.

Ndidakoka mpando n'kukhala pambali pa mphwanga. Ndidamufunsa kuti mbuziyo yalakwanji. Iye, osacheuka, adati, "Ikutchinga njira." Apa ndiye pagona nkhani. Chimene masewerawa amaphunzitsa maso n'chakuti chilichonse choyenda kutsogolo kwako n'chotchinga, ndipo mankhwala ake n'kuloza. Phunziro limeneli silisintha, kaya ukuponya chipolopolo kaya chimanga. Opanga aja adatsuka bala, koma dzanja adalisiya m'malo mwake.

Komabe ndiulule. Atandipatsa mpata ndidasewera, ndipo zidandikomera. Muli luso la diso, muli kuloweza njira, muli kuyesanso ukalephera. Wonena kuti zonsezi n'zachabe sadasewerepo. Kumulanda mwana kompyuta ndi ulesi, monganso kumusiya yekha chifukwa bokosi lati n'zoyenera ana. Njira zonse ziwirizi zimatipulumutsa ku ntchito yokhala naye pansi.

Amayi sadalakwe kuopa magazi, adangoimira panjira. Funso lotsatira ndi lakuti, amene ali kutsogolo kwa mfutiyo ndani, ndipo mwanayo akumuona ngati chiyani? Kompyuta singafunse zimenezi. Agogo adandifunsa ine ndi njiwa m'manja. Tsopano agogo kulibe, ndipo mpando uja pambali pa mphwanga ndi wanga.