Mboni Yopanda Pakamwa

Pamene kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yake m'chaka cha 1981, pakati pa mabatani ake panali limodzi lotchedwa Print Screen, ndipo ntchito yake inali yochepa, pakuti munthu akalidina, malemba amene anali pa sikirini ankasindikizidwa pa pepala kuti mwini wake awawerenge mofatsa. Lero batanilo likadalipo, koma pepala silifunikanso, popeza chojambulidwacho chimasanduka chithunzi chotchedwa screenshot, chokhoza kufika kwa anthu miyandamiyanda mwini mawu asanadziwe n'komwe kuti zimene ananong'oneza mnzake zabuka mudzi wonse.

Ubwino wa luso limeneli sitingaukane. Mmisiri wokonza makompyuta amazindikira msanga pamene pavuta akaona yekha uthenga umene makina alemba, kusiyana ndi kuumva kwa wina, pakuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Wolipira ngongole amaonetsa nacho kuti walipira. Ndipo mkazi woopsezedwa ndi munthu wankhanza amasunga nacho mawu oopsezawo asanafufutidwe. Komatu funso limene liyenera kutisautsa mumtima ndi ili: kodi chinthu choona chingathe kuchita umboni wonama?

Tapenyetsetsani kajambulidwe kake. Wogwiritsa ntchito Windows akadina pamodzi mabatani a Windows, Shift ndi S, monganso wa Mac akadina Command, Shift ndi 4, amapatsidwa mwayi wosankha malo ojambula, ndipo dzanja lake limalemba malire a ngodya zinayi, kulowetsa mizere iwiri ya mkwiyo, kusiya kunja chipongwe chimene chinautsa mkwiyowo, kusiyanso kupepesa kumene kunatsatira pambuyo pake. Zili m'kati mwa malirewo n'zoona ndithu, palibe chilembo chosinthidwa. Koma amene waika malire ndi munthu, ndipo cholinga cha mtima wake sichioneka pa chithunzicho.

Buku la Genesis, mutu 39, linatichenjeza kale za umboni wotere. Chovala chimene mkazi wa Potifara anachisunga kufikira mwamuna wake atabwera chinalidi cha Yosefe, ndipo kuti mnyamatayo anachisiya m'manja mwa mkaziyo kunalinso koona. Koma popeza chovala chilibe pakamwa, sichikanatha kunena kuti mwini wake anachisiya pothawa tchimo, chotero wochigwirayo anachiyankhulira monga anafunira, ndipo wosalakwa anaponyedwa m'ndende. Potifara anakhulupirira maso ake, osafunsa kuti chafika bwanji m'manja amenewo. Nafenso timalakwa momwemo tikalandira chithunzi n'kugamula mlandu nthawi yomweyo, pamene chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 19, chinakaniza kutsutsa munthu ndi mboni imodzi yokha. Ndipo masiku ano kusamala kuyenera kuposa apo, chifukwa aliyense wodziwa pang'ono angathe kusintha mawu a pa tsamba la intaneti pa kompyuta yake asanawajambule, n'kuveka mnzake mawu amene sanalembe.

Tinene tsono kuti chithunzicho n'chathunthu, chosadulidwa ndi chosapotozedwa. Kodi pamenepo ufulu wochifalitsa tili nawo? Hamu sananame pamene anauza abale ake kuti atate wawo Nowa ali maliseche m'hema, koma dalitso linapita kwa Semu ndi Yafeti, amene anayenda chafutambuyo ndi chofunda kuti asaone manyazi a kholo lawo. Kunena zoona ndi kuchita chilungamo sizimayendera limodzi nthawi zonse. Mawu amene mnzako anakulembera usiku ali wosweka mtima anakusungitsa monga katundu, ndipo kuwaonetsa kwa anthu amene sanawalembere ndiko kudya zosungitsa, ngakhale usanawonjezepo kanthu. N'chifukwa chake Ambuye Yesu, pa Mateyu 18, anaika dongosolo lakuti wolakwiridwa ayambe wakambirana ndi mbale wake paokha, kenaka atenge mmodzi kapena awiri, ndipo pomaliza penipeni auze mpingo. Koma ife timayambira kumapeto, kuitana khamu mbaleyo asanamve dandaulo lathu.

Sitikunena kuti choipa chibisidwe. Wakuba, wozunza ana ndi woopseza anzake sayenera kubisala kumbuyo kwa chinsinsi, ndipo umboni wa zochita zawo uyenera kupita kwa amene ali ndi udindo woweruza ndi woteteza ofooka. Kusiyana kwagona pa kumene umboniwo ukupita: kubwalo kumene wonenezedwa adzayankha, kapena kumsika kumene adzangosekedwa. Madzi akatayika sawoleka, ndipo chithunzi chikalowa m'mafoni a anthu chimakhalabe ngakhale wolakwayo atalapa ndi wolakwiridwa atakhululuka.

Opanga WhatsApp anatseka njira yojambulira zithunzi zotumizidwa kuti zionedwe kamodzi kokha, koma foni ina ingathe kujambula sikiriniyo, ndipo palibe loko wotsekera mtima wofuna kuulula. Chotchinga chenicheni ndi chikumbumtima cha wotumizayo. Asanadine batani, adzifunse ngati waonetsa nkhani yonse, ngati wolandirayo ali ndi gawo pa mlanduwo, ndiponso ngati angalole kuti mawu ake omwe ayezedwe ndi muyeso womwewo, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Wolephera kuyankha mafunso atatuwa ndi mtima woyera aleke kutumiza, apite akalankhule ndi mbale wake.