Mnzako Akavulala, Umudikire Kapena Upeze Wina?

Mtsutsowu unali pakati pa amalume ndi mphwawo ku Nchalo. Nkhani yake inali ya mapasa a ku America, Bob ndi Mike Bryan, amene anatenga limodzi zikho 16 za Grand Slam pa tenisi ya amuna awiriawiri.

AMALUME: Ine zimenezi sizindilowa. Bob wavulala m'chiuno ku Madrid mu Meyi 2018, Julaye asanathe m'bale wake wanyamula kale chikho cha Wimbledon ndi mlendo, Jack Sock. Mimba imodzi, tsiku limodzi! Ulemu uli pati?

MPHWAWO: Nanga akanatani, amalume? Mike anali ndi zaka 40. Pa tenisi imeneyo ndi nkhalamba. Akanakhala chaka chathunthu osasewera, miyendo ikanauma, ndipo Bob pochira akanapeza mnzake wothaitha.

AMALUME: Kudikira ndiye chibale. Wodwala amachira ndi nkhope za abale.

MPHWAWO: Taonani asodzi a ku Elephant Marsh. Bwato limafuna awiri, wopalasa ndi woponya ukonde. Wopalasa akagwidwa ndi malungo, mnzakeyo samangirira bwato pagombe mpaka ana a nyumba ziwiri agone ndi njala. Amabwereka dzanja lina, madzulo n'kukasiya nsomba kwa wodwalayo.

AMALUME: Nsomba amagawana, koma dzina sagawana. Pa mabuku, Mike ali ndi zikho 18, Bob 16. Ziwiri zapamwambazo, Wimbledon ndi US Open, anazitenga m'bale wake ali pa ndodo. Bob anachitidwa opaleshoni mu Ogasiti, n'kumuika chitsulo m'chiuno, kenako mnzake n'kuomberedwa m'manja ku New York. Iwe ukanamva bwanji?

MPHWAWO: Zikanandiwawa, sindikana. Koma kuwawidwa mtima si umboni wakuti wina walakwa. Paja ngakhale pafupi nafe pompa, Wayne Black ndi Kevin Ullyett a ku Zimbabwe anatenga US Open mu 2001 ndi Australian Open mu 2005. Black atapuma, Ullyett anapitiriza ndi ena, mpaka anafika ndime yomaliza ya Wimbledon mu 2008 ndi Jonas Björkman.

AMALUME: Wopuma watsanzika yekha. Wovulala sanatsanzike. Usasakanize.

MPHWAWO: Chabwino, pamenepo mwanditseka pakamwa. Koma imvani mathero ake. Mike ndi Sock anatenganso ATP Finals ku London chaka chomwecho. Wina aliyense akanakakamira pomwe pakutuluka ndalama. Koma Mike mu 2019 anabwerera kwa m'bale wake wachitsulo m'chiunoyo, ndipo anapambana limodzi ku Miami. Anapumanso limodzi mu 2020.

AMALUME: Ehe! Ndiye wolakwiridwa ndi Sock. Wakuthandiza pa nthawi yovuta, mwini malo akabwera umuonetse msana?

MPHWAWO: Mwasinthatu mlandu, amalume. Sock anali ndi ntchito yake, yosewera payekha, ndipo sanachoke chimanjamanja: zikho zitatu zikuluzikulu m'miyezi yosakwana isanu ndi umodzi. Wogwirizira malo amadziwa kuti mwini wake alipo.

AMALUME: Amadziwa akauzidwa. Zimene ndimaona kuno n'zakuti anthu amasinthana mwakachetechete, mnzako n'kumvera kwa ena.

MPHWAWO: Pamenepo ndiye palibe kutsutsana. Kubisa n'kulakwa.

AMALUME: Kubwererako ndakuvomera. Koma Wimbledon ija, patangopita miyezi iwiri m'bale wake atavulala, ine ndikuti anafulumira.