Kodi Kukongola Nkwa Yani?

Ku Tembwe, m'cigwa ca Luangwa m'boma la Chama, mukhoza kupeza agogo amene ali ndi mphini pamasaya. Pa utsikana wao anapirira lumo, mwazi nutuluka, pakuti masiku amenewo mphini ndizo zinali kukometsa mkazi. Anadzola mafuta a nsatsi, nabvala mikanda m'khosi ndi m'ciuno, ndipo anyamata a Cisenga anaceuka powaona. Lero adzukulu ao safuna mphini ai. Iwo amaona m'foni zithunzi za atsikana a ku Lusaka ndi Johannesburg amene nchito yao ndiyo kuonetsa zobvala pamaso pa khamu, ndipo ena amati mumtima, "Inenso ndidzafika kumeneko." Tsono funso lathu ndi ili: kodi kukongola nkwa mwini nkhope, kapena nkwa iye woyang'ana? Ndipo kodi nkwanzeru kuti munthu ayese mtengo wake ndi muyeso umenewu?

Poyamba tione kuti muyeso wa kukongola sukhazikika. Zitatha mphini kunadza nyengo ya khungu loyera. M'zaka za 1960 ndi 1970 akazi ambiri a m'matauni a Zambia ndi Malawi anagula mafuta oyeretsa khungu, onga Ambi, nkhope nkuyera mbee, miyendo ili bii. Mankhwala ochedwa hydroquinone, amene amapezeka m'mafuta ambiri otere, akadzoledwa zaka zambiri amasiya mawanga akuda obvuta kucoka, ndipo dziko la South Africa linawaletsa m'mafuta odzola mu 1990. Akazi aja analipira ndi khungu lao cifukwa ca muyeso umene sanauike okha.

Muyeso uja unatembenukanso. Alek Wek, mtsikana wa mtundu wa Dinka wobadwira ku Wau mu 1977, anathawa nkhondo ya ku Sudan nafika ku London mu 1991. Anali wamtali, wakuda bii, wa tsitsi lalifupi. Mu 1995 munthu wofunafuna oonetsa zobvala anamuona ku Crystal Palace, ndipo mu 1997 nkhope yake inaikidwa pacikuto ca magazini ya Elle. Mu 2014 Lupita Nyong'o wa ku Kenya anaulula poyera kuti ali mwana anali kupempha Mulungu kuti amuyeretse khungu, kufikira ataona Alek Wek akutamandidwa. Taonani, khungu lomwelo limene ena anali kulicapa ndi mankhwala linakhala cuma ca wina. Cotero tibvomereze kuti gawo lalikulu la kukongola lili m'maso mwa anthu ena, ndipo maso a anthu ndi mlendo, sagona pamodzi masiku awiri.

Ena atamva izi adzathamangira mwambi uja wakuti, "Cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere," nanena kuti mtsikana wofuna nchito yoonetsa zobvala ali wacabecabe. Ine sindibvomereza. Si nkhuyu zonse zili ndi nyerere, ndipo nkhope yoipa siipatsa munthu mtima wabwino. Kudzikometsa si chimo. Agogo a mphini aja anadzikometsa, nakhalabe akazi a ulemu. Nchito imeneyi imafuna kulawira, kuima nthawi yaitali ndi kusunga pangano monga nchito zina, ndipo imagulitsa zosoka za atelala athu. Bvuto lake lili pena.

Ganizirani mlimi wa mpunga wa ku Tembwe. Wogula akadza ndi sikelo yake nati mpunga uwu ndi wosweka, mlimi amadandaula, koma sabwerera kunyumba ndi kunena, "Ine sindine munthu." Amadziwa kuti mpunga ndi wina, iye ndi wina. Koma woonetsa zobvala malonda ake ndi thupi lake lomwe. Akauzidwa kuti wafupika, wanenepa kapena wakula, mau amenewo amalowa mumtima, pakuti cimene cakanidwa adzapita naco kunyumba, nagona naco. Apa ndipo ena amadzimana cakudya, ena nadzola mankhwala, ena nalola zonyansa kwa amuna olonjeza kuwachukitsa. Iye amene alowa nchito iyi asanadziwe kuti mtengo wa nkhope si mtengo wa munthu, adzakwera ndi kutsika monga mtengo wa mpunga pamsika.

Nanga munthu angaime pa ciani? Tiphunzire kwa Agogo Margret Chola, a kumudzi wa pafupi ndi Lusaka. Mu 2023 mdzukulu wao Diana Kaumba, amene nchito yake ndi kubveka anthu ku New York, anabwera kudzaceza, ndipo anasinthana nao zobvala: mdzukulu anabvala citenje ca agogo, agogo nabvala suti yonyezimira. Anawajambula m'minda ndi pabwalo, pamodzi ndi munsi, mbaula ndi wailesi yakale, ndipo mu 2024 zithunzizo zinawanda pa dziko lonse, anthu nawacha Legendary Glamma. Agogowa anali atapitirira zaka 80. Anasiya sukulu ali mwana, nakwatiwitsidwa kwa mwamuna wamkulu, napyola m'mabvuto ambiri. Cimene anthu anacikonda m'zithunzi zija sicinali khungu losalala ai, koma kukhala kwa munthu amene saopanso kuyang'anidwa. Kamera inapeza ulemu umene zaka zinamanga kale. Siinaubweretse m'cikwama kucokera ku New York.

Pamenepa ndipo pagona kukula kwa munthu. Mwana amafunsa anthu kuti, "Kodi ndakongola?" namva kukoma kapena kuwawa monga mwa yankho lao. Wamkulu amakondwa akatamandidwa, koma akakanidwa amakhala ndi potsamira: nzeru zimene anaphunzira, nchito ya manja ake, coonadi ca mau ake, ndi abale amene sanamkonde cifukwa ca cithunzi. Paja akuluakulu anati, "Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo." Ulemu wa mai suyesedwa ndi mwendo, ndipo ulemu wa mwana wake nawonso suyesedwa ndi nkhope.

Cotero inu makolo a ku Tembwe, mwana wanu akati afuna nchito imeneyi musamseke, ndiponso musamnyenge. Muuzeni atsirize sukulu, aphunzire kuwerenga pangano asanalembe dzina lake, ndi kukana zimene mtima wake ukana. Koposa zonse, amve kwa inu, akali pakhomo, kuti ali munthu wa mtengo. Akamva mau amenewo kwao, sadzapita kukawapempha kwa alendo a m'tauni.