Lilime Likapunthwa



Masiku ano ndakatulo zimayenda pa foni. Mphunzitsi, kapena mtsikana wa ku sekondale, amakhala pakhonde madzulo n'kuwerenga ndakatulo mokweza uku akujambula, kuti agogo amene maso anafooka, kapena mnzathu wosaona, amve nawo. Salipidwa kanthu.

Ndiye pomvetsera... amapeza kuti penapake lilime linapunthwa. Liwu lina linatuluka kawiri. Chapatali tambala analira.

Afufute zonse?

Kuli gulu la anthu ongodzipereka lotchedwa LibriVox, lomwe linayamba mu 2005, lowerenga mabuku kuti anthu azimvera ulere pa intaneti. Kumeneko wina amamvetsera kaye zojambulazo zisanatuluke. Mzere ukadumphidwa, kapena tanthauzo likasokonekera, amauza wowerengayo malo ake, iye n'kukonza pomwepo pokha.

Ndi mmene timasankhira mtedza kwathu kuno ku Salima. Wowola timataya. Waung'ono, wokhota, umalowa m'thumba.

Ndakatulo ndi yaifupi, ndipo mlakatuli anasankha mawu ake mosamala. Liwu lotayika libwezeretsedwe ndithu. Koma kupuma kwa wowerenga, kunjenjemera pang'ono kwa mawu ake... zisiyeni. Agogo aja amazindikirira pamenepo kuti akuwerengayo ndi mdzukulu wawo.

Lero wina akakutumizirani zomwe wajambula, mvetserani mpaka kumapeto. Mumuthokoze kaye, kenako mumuuze mzere umene waudumpha.