Kodi Misozi Ndiyo Kusintha?



Chaka chilichonse, mu Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala, Ayuda amalowa mwezi wotchedwa Elul. Ndi mwezi wokonzekera Rosh Hashanah, chaka chawo chatsopano, ndi Yom Kippur, Tsiku la Chitetezo lija timawerenga pa Levitiko 16. Kuchokera pa 1 Elul kufika pa Yom Kippur pali masiku 40. M'masunagoge ambiri amaliza nyanga ya nkhosa yamphongo m'mawa, kupatula pa Sabata, ngati kudzutsa munthu amene ali m'tulo. Kulapa amakutcha teshuvah, kutanthauza kubwerera.

Manje funso langa ndi ili: masiku 40 onsewo ndi a chiyani? Ife timadziwa kulapa kwa mphindi zisanu. Nyimbo yakwera, wapita kutsogolo, walira, akupempherera, wabwerera pampando mtima uli myaa. Sindinyoza zimenezo, Mzimu amagwiradi ntchito pamenepo. Koma kodi munthuyo wasintha, kapena wapepukidwa chabe?

Mishnah, buku la malamulo a Ayuda limene linasonkhanitsidwa cha m'ma 200 AD, limaphunzitsa chinthu chovuta kumeza. Pa Yom Kippur amasala pafupifupi maola 25, osadya osamwa ngakhale madzi, koma tsikulo silichotsa cholakwa chimene walakwira munthu mnzako kufikira utapita kwa iyeyo. Ndiye masiku aja ndi oyenda. Nkhongole ija munazimitsira foni, mlamu uja munamunena pamaliro, wantchito uja munamuchotsa musanamulipire: zimenezi kusala sikuzifufuta. Pakufunika mapazi, pakufunika kugogoda pakhomo.

Wina adzati, nanga chisomo? Chisomo chilipo, ndipo sitichigula. Koma onani Zakeyu pa Luka 19. Chisomo chitalowa m'nyumba mwake, chinafika mpaka m'thumba, anayamba kukamba zobweza kanayi. Pa Mateyu 5 Ambuye Yesu, amene anakulira m'miyambo ya Chiyuda, akutiuza kusiya mphatso paguwa ndi kuyamba takonza ndi m'bale.

Maimonides, rabi amenenso anali dokotala ndipo anamwalira ku Egypt mu 1204, anapereka muyeso umene ine ndimauona kuti ndi woona. Munthu walapa kwathunthu pamene mpata womwe uja wabweranso, mphamvu yochimwa akadali nayo, koma sachita. Taganizani bwino. Kusiya kuba chifukwa anakuchotsani pa kashi, kumeneko n'kusowa mpata. Kusiya mowa chifukwa mwezi uli pakati ndipo m'thumba mulibe kanthu, tidikire tsiku la malipiro tione. Choncho musafulumire kuchitira umboni Lamlungu za chinthu chimene sichinayesedwe Lolemba.

Anakambanso za inu amene munalakwiridwa. Wolakwa abwere kudzapepesa, mukakana abwerenso ndi anzake, mpaka katatu. Mukakanabe, iye wamasuka, mlandu watsala kwa wokana kukhululuka. Apa ambiri a ife timakhala chete, chifukwa kusunga chakukhosi kumakoma, kumatipangitsa kumva ngati ndife olungama.

Nanga ngati munthu munamulakwira uja anamwalira? Maimonides sanatseke nkhani. Anati utenge anthu khumi, upite nawo kumanda ake, uvomereze cholakwa chako iwo akumva. Ngati panali ndalama, uzibweze kwa olowa m'malo ake.