Kuphunzitsidwa ndi Kuphunzitsana: Maganizo Ochokera ku Mvurwi

Tsiku lina ndinakhala m'chipinda cha makompyuta payunivesite ina m'dziko lino la Zimbabwe pamodzi ndi aphunzitsi anzanga, ambiri a ife imvi zili mbuu. Anatisonkhanitsa kuti tiphunzire kuika maphunziro athu pa intaneti. Mnyamata amene ankatiphunzitsayo anali waulemu ndiponso wodziwa ntchito yake. Kwa masiku awiri mawu ake anali omwewomwewo: dinani apa, tsegulani apo, lembani mawu achinsinsi, sungani, tsekani. Ife tinkadina, kutsegula, kusunga ndi kutseka. Madzulo a tsiku lachiwiri aliyense analandira satifiketi yochitira umboni kuti waphunzitsidwa. Pobwerera kunyumba maganizo anga anathawira kwa malemu bambo anga ndi ku balani yowotchera fodya pafamu ina kufupi ndi Mvurwi, kumene ndinabadwira. Funso limene linandigwira tsiku limenelo ndi lomwe ndikufuna tilingalire pamodzi: kodi munthu amene waphunzitsidwa kugwiritsa ntchito chida, koma sanapatsidwe mpata wofunsa za chidacho, tinganene kuti waphunzira?

Mvurwi ndi tawuni yaing'ono ya m'boma la Mazowe, m'chigawo cha Mashonaland Central, pamtunda wa makilomita pafupifupi 100 kumpoto kwa Harare. Kufikira mu 1982 inkatchedwa Umvukwes. Dothi lake lamchenga limayanjana ndi fodya, ndipo fodyayo ndiye anakoka makolo athu kuchokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata. Ena anabwera wapansi, ena anabwera kudzera kwa Mthandizi. Ambiri sanabwererenso, ndipo kwawo anawatcha matchona.

Bambo anga anali wosonkha moto pabalani. Ntchito imeneyi si yachibwana. Fodya wa mtundu wa Virginia amakhala m'balani pafupifupi sabata yathunthu. Poyamba pamafunika moto wochepa kuti tsamba lisanduke lachikasu, kenaka moto wokwererapo kuti tsambalo liume, ndipo potsiriza moto waukali woumitsa mtsempha wapakati. Ukafulumira, tsamba limauma likadali lobiriwira, ukachedwa, limada. Bambo ankadziwa zonsezi ndi mphuno ndi chikhatho, usana ndi usiku. Koma panali zina zimene sanauzidwepo: mtengo umene belo lagulidwa ku okushoni ku Salisbury, dziko limene fodyayo ankapita akachoka kumeneko, ndi chifukwa chimene mwini famu ankasankhira mbewu iyi kusiya iyo. Anapatsidwa chidutswa cha nzeru chongokwanira ntchito, ndipo chotsalacho chinkatsekeredwa mu ofesi.

Ngakhale chiyankhulo cha pantchitopo chinkachitira umboni zimenezi. Bwana ndi wantchito ankamvana m'Chilapalapa, chiyankhulo chosakaniza chomwe ndi mphukira ya Fanagalo wa ku South Africa. Pafamu chinali ndi ntchito yaikulu imodzi, ndiyo kulamula: bwera, tenga, fulumira. Nkhani zakuya, monga za maliro, ukwati, milandu ndi Gule Wamkulu, zinkakambidwa m'Chichewa kukomboni dzuwa litapita. Motero munthu mmodzi anagawidwa pawiri, manja akumva chiyankhulo china, mtima ukuyankhula china. Pamene ndinamva mawu aja akuti dinani, tsegulani, sungani, khutu langa linazindikira kamvekedwe kakale. Onsewo anali aneni olamula.

Pano galamala ya Chichewa ingatithandize kuganiza. Tili ndi mneni kuphunzira, pamene munthu mwini wake akutola nzeru. Tikausintha timapeza kuphunzitsa, pamene wina akuchititsa mnzake kuti aphunzire. Tikapitirira timapeza kuphunzitsidwa, pamene munthu wangokhala wochitiridwa. Palinso kuphunzitsana, pamene onse awiri akupereka ndi kulandira. Malipoti a m'masukulu aukachenjede amakonda kwambiri mneni wachitatuyo: aphunzitsi akutiakuti aphunzitsidwa, ophunzira akutiakuti aphunzitsidwa. Ndi mneni wosavuta kuwerengera. Koma ng'ombe nayo imaphunzitsidwa kukoka ngolo, ndipo siifunsa kumene katunduyo akupita.

Kusiyana kumeneku kunaonekera poyera mu 2020. Pa 24 Malichi chaka chimenecho sukulu ndi mayunivesite m'Zimbabwe zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo pa 30 Malichi dziko lonse linalamulidwa kubindikira. Maphunziro anasamukira pa Moodle, Google Classroom, Zoom ndi WhatsApp. Panalibe nthawi yosinkhasinkha, ndipo sindikudzudzula aliyense pa zimene zinachitika mwadzidzidzi. Koma mliriwo unatisonyeza magulu atatu a anthu a payunivesite, lililonse ndi bala lakelake.

Bala la ife aphunzitsi linali manyazi. Munthu amene wakhala zaka makumi awiri akuima patsogolo pa kalasi samva bwino kulephera kutsegula maikolofoni ana akumuyang'ana. Ena a ife tinabisala, n'kumangotumiza manotsi olembalemba, ndipo ine ndinali m'gulu limenelo. Tinaiwala kuti safunsa anadya phula. Komabe maphunziro amene tinalandira sanakhudze funso limene linkandisowetsa tulo. M'Chichewa mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, ndipo chimawasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu kokha. Nanga zimenezi ndingaziphunzitse bwanji kwa munthu amene sakundimva? Yankho linachokera kwa wophunzira wanga wa chaka chachiwiri, amene anandiuza mwaulemu kuti ndizijambula mawu anga pafoni ndi kuwatumiza pa WhatsApp, iwo azijambula awo n'kundibwezera. Tsiku limenelo ndinaphunzira zoposa za masiku awiri a satifiketi aja.

Bala la ogwira ntchito linali kuiwalika. Yunivesite siyenda ndi aphunzitsi okha. Muli alembi, osunga mabuku, amesenjala, oyendetsa galimoto, alonda ndi osesa. Mafomu opempha tchuthi ndi mapepala a malipiro akasamukira pakompyuta, mlonda amene sanaitanidwe kumaphunziro amakakamizika kupereka mawu ake achinsinsi kwa mnyamata wa mu ofesi kuti amuonere malipiro ake. Bambo wa ana asanu amaima pakhomo, chipewa chili m'manja, kudikira kuti wina amuwerengere zake zomwe. Amene anakulira pafamu amachidziwa chithunzi chimenechi, pakuti ndi mmene makolo athu ankaimira pawindo la kalaliki tsiku lolandira.

Bala la ophunzira linali kuyesedwa ofanana pamene sali ofanana. Timakonda kunena kuti ana amakono amabadwa foni ili m'manja. Ndinali ndi wophunzira wina wamkazi amene kwawo ndi kukomboni yakale ya famu ina ya kufupi ndi Mvurwi. Foni inali imodzi panyumba ponse, yotchajidwa ndi kasola kakang'ono. Netiweki ankaipeza akakwera pachulu madzulo, ndipo ndalama zinkangokwanira bandulo ya WhatsApp. Ngakhale anzake a m'tawuni anali asanaiwale chaka cha 2019, pamene magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku madzi atachepa ku Kariba. Mtsikanayu analemba ntchito yake pamanja, naijambula, koma inakana kukwera pa intaneti kufikira m'mawa mwake. Makina analemba liwu limodzi lokha, lakuti yachedwa, ndipo anamuchotsera malikisi.

Banja lake linkadziwa kale mphamvu ya liwu limodzi lolembedwa kutali. Kugawidwa kwa minda kumene kunayamba mu 2000 kunachotsa ntchito anthu ambiri a m'mafamu. Lamulo la unzika losinthidwa mu 2001 linasiya ana ndi adzukulu ambiri a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia akuwerengedwa ngati alendo m'dziko limene anabadwira, kufikira pamene malamulo aakulu a dziko a 2013 anazindikira unzika wa obadwira m'Zimbabwe kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC. Mdzukulu wa anthu otere akafika payunivesite, wadutsa zipata zambiri. Ngati ife timuikira chipata china, chosaoneka, chopangidwa ndi netiweki ndi Chingerezi, kenaka n'kunena kuti mlandu ndi wa makina, tikudzinamiza. Makina sasankha ola lotsekera. Amasankha ndi munthu, ndipo munthuyo ayenera kuphunzira kuti dzanja lake lili pamenepo.

Wina anganditsutse motere: mwana amayamba wakwawa asanayende, ndiye munthu angafunse bwanji za chida chimene sadziwa ndi kuyatsa komwe? Ndalama n'zochepa, ophunzitsa ndi owerengeka, ndipo zida zambiri zimabwera zikuyankhula Chingerezi. Kutsutsa kumeneku kuli ndi nzeru, ndipo ndikuvomereza kuti kudina kuyenera kuphunziridwa. Chimene ndikukana ndi kuimira pomwepo, n'kutcha chiyambi kuti mathero. Kuyambira cha mu 2018, pamene Pulofesa Amon Murwira anali nduna ya maphunziro apamwamba, boma linalimbikitsa ndondomeko yotchedwa Education 5.0, yomwe pa ntchito zitatu zakale za yunivesite, kuphunzitsa, kufufuza ndi kutumikira anthu, inawonjezerapo kutulukira zatsopano ndi kukhazikitsa mafakitale. Koma munthu wozolowera kulandira malamulo okha satulukira kanthu. Chatsopano chimabadwa pamene wina wafunsa funso limene wopanga chida sanaliyembekezere.

Umboni wake uli pafupi ndi Mvurwi pomwepo. Chakumpoto, m'boma la Guruve, kuli mudzi wa osema miyala wa Tengenenge. Unayamba mu 1966 pamene mlimi wa fodya Tom Blomefield anaona msika ukufota chifukwa cha zilango zachuma zimene zinatsatira kudzilamulira kwa boma la Ian Smith mu 1965. Antchito a m'mafamu, ambiri a iwo ochokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola, anagwira nyundo ndi tchizulo n'kuyamba kusema miyala ya m'mapiri a Great Dyke. Mmodzi mwa amene anatchuka ndi Josiah Manzi, Myao wa makolo ochokera ku Malawi. Sindikunena kuti kumeneko kunalibe bwana, pakuti msika unali m'manja mwa ena. Koma manja omwe aja amene ankasankha fodya motsata lamulo, atapatsidwa chida pamodzi ndi ufulu wosankha chosema, anatulutsa m'mwala mizimu, nyama ndi nthano zakwawo. Anthuwo anali ndi nzeru kuyambira kale. Chinasintha ndi funso limene anafunsidwa.

Ngakhale m'mayunivesite mwathu chitsanzo chilipo. Mu 1992 pa University of Zimbabwe panayamba ntchito yotchedwa ALLEX, motsogozedwa ndi Herbert Chimhundu, mogwirizana ndi mayunivesite a ku Oslo ndi Gothenburg. Ophunzira ankapita kumidzi ndi makina ojambulira mawu, n'kudzalemba pakompyuta zimene anthu anayankhula. M'nkhokwe ya mawu imeneyo munatuluka mtanthauziramawu wa Chishona, Duramazwi reChiShona, mu 1996, ndi wa Chindebele, Isichazamazwi SesiNdebele, mu 2001. Achinyamata amenewo anaphunzira kompyuta msanga chifukwa anali ndi katundu wofuna kunyamulira m'menemo, ndipo katunduyo anali mawu a agogo awo.

Ntchito yotere ikudikira Chichewa cha m'mafamu. Gawo 6 la malamulo aakulu a 2013 linachiika pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka m'Zimbabwe. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, ndipo kuyambira pamene ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, ophunzira ambiri amafunsa makina asanafunse mphunzitsi. Koma makina amenewa amatola chiyankhulo pa zimene zinalembedwa, ndipo Chichewa cha ku Mvurwi, chimene chakhala zaka zambiri chikudyera mbale imodzi ndi Chishona, chimakhala pakamwa pa anthu kuposa papepala. Wophunzira wophunzitsidwa kudina kokha adzalandira chilichonse chimene makina amupatsa, n'kuyamba kukayikira chiyankhulo cha amayi ake. Wophunzira wozolowera kufunsa adzaona chimene chikusowa, ndipo adzatenga foni yomweyo kupita nayo kukomboni kukajambula nkhalamba zisanapite. Mayunivesite amene ali pafupi, monga Bindura University of Science Education ndi nthambi ya Zimbabwe Open University ya ku Bindura, ali ndi chuma chimenechi pakhomo.

Choncho ndikuti maphunziro alionse a luso lamakono, kaya ndi a pulofesa, a mlonda kapena a wophunzira wa chaka choyamba, azipereka mpata wa mafunso atatu. Chida ichi n'cha yani, ndipo zimene ndikuikamo zikupita kuti? Chikusiya yani kunja? Nanga ndingachite nacho chiyani chimene anthu akwathu akuchifuna? Mafunsowa aloledwe kufunsidwa m'Chishona, m'Chichewa ndi m'chiyankhulo chilichonse chimene munthu amaganizira. Ndiponso magulu atatu aja azikhala nthawi zina m'chipinda chimodzi, pakuti wophunzira amadziwa foni, mlembi amadziwa pamene mapepala amatsamwira, ndipo mphunzitsi amadziwa kuyesa ngati yankho lili loona. Apo ndiye mneni wachinayi uja, kuphunzitsana, amapeza malo.

Famu imene ndinabadwira itagawidwa, bambo anga anatsala opanda tikiti, opanda munda. Koma nyengo yowotcha fodya itafika, alimi atsopano anayamba kubwera pakhomo pathu m'mawa, kudzapempha kuti akawaonere moto. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo bambo anafunsa mtengo wa belo asanavomere ntchito, ndipo anayankhidwa. Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Satifiketi yanga ija ili m'kabati, ndipo pulogalamu imene inatchulidwapo inasinthidwa kale ndi ina. Chimene ndinatsala nacho ndi chija anandiphunzitsa mwana wa chaka chachiwiri, pamodzi ndi chizolowezi chofunsa, pa chiyambi cha teremu iliyonse, kuti ndani mwa ophunzira anga amakwera pachulu kuti andimve.